Kuleka kulipira nyuzipepala ya pa intaneti: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene analembetsa kuti aziwerenga nyuzipepala yolipira pa intaneti, makamaka zakunja, kenako n'kupeza kuti khomo limene analowera mosavuta lija silikuoneka pamene akufuna kutuluka. Ndayamba ndi mafunso a munthu amene wangodzidzimuka ndi uthenga wa ku banki, ndipo a malamulo ndi a madandaulo ndawaika chakumapeto.

N'chifukwa chiyani akupitiriza kundidula ndalama pamene ine ndinalipira mwezi umodzi wokha?

Chimene munavomera tsiku lija ndi chilolezo choti kampaniyo izitenga ndalama pa khadi lanu la ku banki mwezi ndi mwezi, kapena chaka ndi chaka, kufikira inu mwini mutanena kuti basi. Nyuzipepala yogula pamsewu ili ndi malire oonekeratu: mumapereka ndalama, wogulitsa n'kukupatsani pepala, ndipo mawa mukapanda kumuitana sakutsatani kunyumba. Pa intaneti zinthu zinatembenuzidwa, moti kukhala chete kwanu kumawerengedwa ngati kuvomera kuti apitirize. Mawu ofotokoza zimenezi amakhalapo ndithu pa tsamba lolipirira, kungoti nthawi zambiri amalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono pansi pa batani lalikulu lokuitanani kuti mulembetse.

Ndinkalipira ndalama yochepa, koma mwezi uno andidula yambiri. Chachitika n'chiyani?

Mwachidziwikire nthawi ya mtengo wokopera yatha. Nyuzipepala zambiri za ku America ndi ku Britain zimaitana owerenga atsopano ndi mtengo wonga dola imodzi kapena paundi imodzi kwa milungu ingapo kapena miyezi ingapo, ndipo nthawiyo ikatha mtengo weniweni umalowa wokha, umene ukhoza kuposa woyamba uja kangapo. Onaninso bwino ngati amakudulani pa mwezi kapena pa milungu 4 iliyonse, chifukwa njira yachiwiriyi imatanthauza kulipira maulendo 13 pa chaka m'malo mwa 12.

Kwa munthu amene malipiro ake ndi a makwacha pali chifukwa china chimene nyuzipepalayo siichidziwa n'komwe. Pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti amene ankalipira madola 10 anadzuka akulipira K17,000 m'malo mwa K11,800 popanda chilichonse chosintha pa zimene ankawerenga. Pamwamba pake banki imaikaponso kangachepe kake kosinthira ndalama.

Ndikachotsa apu ya nyuzipepalayo pafoni, kapena ndikangosiya kuwerenga, kodi ndiye kuti ndaleka?

Ayi. Apu ndi chowerengera chabe, pamene mgwirizano wolipira uli kwina, ndipo umapitirirabe ngakhale foniyo itabedwa kapena kugwera m'madzi. N'chimodzimodzinso kudina mawu oletsa maimelo amene amakutumizirani m'mawa uliwonse: mauthengawo adzasiya kubwera, koma ndalama zidzapitiriza kuchoka. Anthu ambiri amene amati analeka kalekale koma akuwadulabe anachita chimodzi mwa ziwirizi.

Nanga ndiyambire pati?

Yambani n'kudziwa amene akukudulani, popeza mumalekera komwe munalipirira. Tsegulani sitetimenti ya ku banki kapena lisiti limene linabwera pa imelo, muone dzina limene lalembedwa pa ndalama yochokayo.

Ngati palembedwa Apple, ndiye kuti munalembetsa kudzera mu iPhone kapena iPad, ndipo nyuzipepalayo ilibe mphamvu yokuchotsani; lowani mu Settings, dinani dzina lanu pamwamba, kenako Subscriptions. Ngati palembedwa Google, tsegulani Play Store, dinani chithunzi cha akaunti yanu, mupite pamene palembedwa za malipiro ndi zimene munalembetsa. Amene analipira ndi PayPal ali ndi malo oonera ndi kuimitsa malipiro ochoka okha mu akaunti yawo ya PayPal, ngakhale kuti ndi bwino kuuzanso nyuzipepalayo. Njira zimenezi n'zachidule, ndipo sizidutsa mwa munthu wokunyengererani.

Vuto lenileni lili kwa amene analemba nambala ya khadi mwachindunji pa tsamba la nyuzipepalayo. Iwowa ayenera kulowa mu akaunti yawo pa tsambalo, makamaka pa kompyuta osati pa apu, n'kufufuza mbali ya malipiro. Batani lolekera likapezeka, dinani mpaka mutaona mawu otsimikiza, chifukwa masamba ena amafunsa kawiri kapena katatu, ndipo amene wasiyira panjira amakhala sanaleke.

Kodi kuvutaku n'kwadala, kapena ndine amene sindikudziwa kugwiritsa ntchito intaneti?

Nthawi zambiri n'kwadala, ndipo musadzione ngati mbuli. Kafukufuku wa bungwe la American Press Institute amene anatuluka mu 2021, wokhudza makampani ofalitsa nkhani 526 a ku United States, anapeza kuti 41 peresenti yokha ndi imene inkalola owerenga kuleka mosavuta pa intaneti, ndipo opitirira theka ankaphunzitsa antchito awo njira zobwezera maganizo a munthu amene waimba foni kuti aleke. Kampani imene inatha kukonza tsamba lolandira ndalama yanu m'mphindi imodzi sikuti inalephera luso lokonza tsamba lolekera.

Katswiri wa ku Britain wa kapangidwe ka masamba a pa intaneti, Harry Brignull, anapatsa misampha yotereyi dzina lakuti dark patterns mu 2010. Aliyense amene anaonapo mono wotchera nsomba saona chachilendo pamenepa: pakamwa pake m'potakasuka polowa, koma nsomba ikatembenuka imapeza timitengo tosongoka tayang'ana mkati.

Ine ndinakumana nazo ndi nyuzipepala ina yakunja. Pa tsamba la akaunti panalibe batani lolekera, panali kabokosi kokambirana ndi wantchito wawo. Ndinalemba kuti ndikufuna kuleka, ndinadikira pamzere, ndipo atandiyankha anayamba n'kundifunsa nkhani zimene ndimakonda kuwerenga. Kenako anandiuza kuti andichotsera theka la mtengo, nditakana, anautsitsanso, nditakananso, anati bwanji angoimitsa kwa milungu ingapo. Nthawi yonseyi ine ndinali ndikuyang'ana bandulo yanga ya intaneti ikutha komanso kuopa kuti netiweki ikaduka ndiyambiranso pamzere. Wantchitoyo anali waulemu kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo sindikumuimba mlandu, chifukwa zinali zoonekeratu kuti akutsatira ndondomeko imene anapatsidwa.

Nyuzipepala zimene zimadzudzula anthu ena achinyengo zimachitiranji zimenezi?

Chifukwa moyo wake tsopano wadalira owerenga olipira. Kale ndalama zambiri za nyuzipepala zinkachokera kwa otsatsa malonda, koma malondawo atasamukira pa intaneti gawo lalikulu linapita kwa Google ndi Facebook. The Times ya ku London inayamba kulipiritsa owerenga a pa intaneti mu 2010, The New York Times mu Malichi 2011, ndipo News24 ya ku South Africa inatsatira mu Ogasiti 2020. Munthu amene wakopedwa ndi mtengo wa dola imodzi amayamba kubweretsa phindu pokhapokha akakhalitsa mpaka kufika pa mtengo weniweni, choncho chiwerengero cha amene akuchoka mwezi uliwonse chimayang'anitsitsidwa kwambiri ndi akuluakulu a makampaniwa.

Zimenezi zikufotokoza chifukwa chake, koma sizikulungamitsa khalidwelo. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti ntchito ya atolankhani ndi yoyenera kulipiridwa, pakuti kufufuza nkhani kumadya nthawi ndi ndalama, ndipo n'chifukwa chake khalidweli limandipweteka. Chuma chachikulu cha nyuzipepala ndi kukhulupiriridwa. Wowerenga amene wavutitsidwa potuluka sachedwa kuuza anzake kuti asayerekeze kulembetsa, ndipo amene amavutika pamapeto pake ndi atolankhani amene sanakonze nawo msamphawo.

Akuti ndiimbe foni ku America, koma ine ndili ku Malawi. Ndichite bwanji?

Manambala oyamba ndi 1-800 kapena 1-888 ndi aulere kwa woimba ali komweko. Mukaimba muli kunja, mwina salowa, kapena amadya mayunitsi pa mtengo woimbira kunja, kuphatikizapo nthawi imene mukungodikira. Palinso kusiyana kwa nthawi: New York ili m'mbuyo mwa Malawi ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo, moti akamatsegula 8 koloko m'mawa, kuno ndi 2 kapena 3 koloko masana.

Musanawononge mayunitsi, fufuzani pa tsamba lawo la chithandizo ngati pali kabokosi kokambirana, adiresi ya imelo, kapena nambala ya makasitomala akunja. Lembani imelo yachidule yotchula dzina lanu, adiresi ya imelo imene munalembetsera, nambala ya akaunti ngati ilipo, ndi mawu omveka akuti mukuthetsa mgwirizano kuyambira tsiku limenelo komanso kuti mukuchotsa chilolezo chodulira ndalama pa khadi lanu. Nenaninso kuti muli kunja ndipo simungathe kuimba. Ngakhale atayankha kuti salandira pempho lotere pa imelo, kalatayo idzakuthandizani ku banki, monga ndafotokozera m'munsimu pa funso la umboni ndi la kubwezeredwa ndalama.

Ndiwayankhe chiyani akayamba kundinyengerera? Nanga akatsitsa mtengo, ndilandire?

Simukakamizidwa kupereka chifukwa. Mukanena kuti mtengo wakwera, mwawapatsa poyambira. Mukanena kuti mulibe nthawi yowerenga, adzakuuzani za chidule cha nkhani chimene amatumiza m'mawa. Chiganizo chimodzi chobwerezedwa mwaulemu, chakuti mukufuna kuleka lero ndipo mukupempha chitsimikizo pa imelo, chimafupikitsa zokambirana kuposa mayankho ataliatali.

Ngati nyuzipepalayo mumaiwerengadi ndipo chimene chinakuvutani ndi mtengo, kulandira mtengo wotsika si kulakwa. Koma funsani kuti mtengowo utha liti, ndi ndalama zingati zimene adzayambe kudula ukatha, komanso ngati mukuloledwa kuleka pakati, chifukwa kuvomera kumeneku kumakhala mgwirizano watsopano. Samalani ndi mawu akuti kuimitsa kwa kanthawi, popeza nthawiyo ikakwana malipiro amayambiranso okha osakufunsani.

Ndisunge umboni wotani?

Jambulani chithunzi cha tsamba lotsimikiza kuti mwaleka, tsiku likuoneka. Ngati munakambirana pa kabokosi, jambulani zokambiranazo musanatseke, chifukwa zikatsekeka sizibweranso nthawi zambiri. Ngati munaimba foni, lembani tsiku, nthawi ndi nambala yotsimikizira imene akupatsani. Imelo yotsimikiza ikapanda kubwera pakutha pa tsiku, ifunseni. Pomaliza, loweraninso mu akaunti yanu muone ngati tsiku la malipiro otsatira lachoka, ndipo mwezi wotsatira muunike sitetimenti.

Ndaleka pakati pa mwezi. Kodi andibwezera ndalama ya masiku otsala?

Kawirikawiri sabweza. Chimene makampani ambiri amachita n'kukulolani kuwerengabe mpaka nthawi imene munalipira itatha. Ndi pa malipiro a chaka chonse pamene nkhaniyi imakula, ndipo ngati akudulani chaka chatsopano dzulo kapena dzana musanaleke, lembani msanga kupempha kuti akubwezereni, chifukwa ena amavomera ngati papita masiku ochepa. Amene analipira kudzera mwa Apple kapena Google amapempha kwa makampani amenewo.

Nkhani imasintha ngati akudulani pambuyo poti mwaleka. Imeneyo ndi ndalama yotengedwa popanda chilolezo, ndipo kampaniyo ikakana kubweza muli ndi ufulu wokadandaula ku banki imene inakupatsani khadi, kuti iitanitse ndalamayo kudzera m'ndondomeko za Visa kapena Mastercard. Banki idzafuna umboni wakuti munaleka tsiku la malipiro lisanafike ndiponso kuti munayesa kukambirana ndi kampaniyo. Musazengereze, popeza nthawi yodandaulira ili ndi malire, amene nthawi zambiri amakhala masiku 120.

Bwanji ndingotseka khadi kapena kusiya akaunti ilibe ndalama?

Imeneyi ikhale njira yomaliza, mutayesa kale kuleka ndipo muli ndi umboni. Kutseka khadi kumaimitsa ndalama koma sikuthetsa mgwirizano, moti kampaniyo ikhoza kumakuwerengerani ngongole, makamaka ngati munalonjeza chaka chathunthu. Kusiya akaunti yopanda kanthu n'kosadalirika, chifukwa makina awo amayesanso masiku otsatira, ndipo malipiro anu akangolowa amatenga. Ngakhale khadi latsopano silikutetezani nthawi zonse, pakuti Visa ndi Mastercard ali ndi ndondomeko imene imapereka nambala ya khadi latsopano kwa makampani amene ankadula pa lakale, ngati banki yanu ili m'ndondomekoyo. Mukapita ku banki, pemphani mwachindunji kuti aletse malipiro opita kwa kampani imeneyo.

Kodi ku America kulibe lamulo loletsa khalidweli?

Lilipo, koma mbiri yake ndi yokhotakhota. Lamulo la dziko lonse la 2010, lodziwika ndi chidule chakuti ROSCA, limafuna kuti wogulitsa pa intaneti afotokoze momveka za malipiro obwerezabwereza, alandire chilolezo cha wogula, ndiponso apereke njira yosavuta yolekera. Mu Okutobala 2024 bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo lomveka kwambiri, lotchedwa click to cancel, lakuti kuleka kukhale kosavuta mofanana ndi kulembetsa. Koma mu Julayi 2025, kutangotsala masiku ochepa kuti liyambe kugwira ntchito mokwanira, khoti la apilo la Eighth Circuit linalithetsa. Oweruza sananene kuti kuvutitsa ogula n'kololedwa. Ananena kuti bungwelo linadumpha kafukufuku woyambirira amene amafunika pa lamulo lililonse lokhudza chuma choposa madola 100 miliyoni pa chaka.

Lamulo la 2010 lija likugwirabe ntchito, ndipo lili ndi mano. Mu Sepitembala 2025 kampani ya Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pothetsa mlandu umene bungweli linaisumira mu 2023 pa nkhani ya kulembetsa ndi kuleka umembala wake wolipira wotchedwa Prime. Amazon si nyuzipepala, koma lamulo lake ndi lomwelo.

Zigawo zina za dzikolo zili ndi malamulo akeake. Ku California, kuyambira mu Julayi 2018, amene walembetsa pa intaneti ayenera kuloledwa kulekanso pa intaneti, ndipo kwa zaka zingapo panali nyuzipepala zimene zinkaonetsa batani lolekera kwa okhala ku California okha, ena onse n'kumawauza kuti aimbe foni. Palibe umboni woposa umenewu wakuti batanilo linkabisidwa mwadala.

Nanga amene tikukhala ku Ulaya, ku Britain kapena ku South Africa?

Dziko la Germany ndi limene linapita patali. Kuyambira pa 1 Julayi 2022, kampani imene imalembetsa anthu pa intaneti iyenera kuika batani lolekera looneka bwino pa tsamba lake, ndipo ikapanda kutero wogula akhoza kuthetsa mgwirizano nthawi iliyonse popanda kudikira. France inakhazikitsa njira yofanana nayo pa 1 Juni 2023. M'mayiko a European Union ndi ku Britain wogula pa intaneti ali ndi masiku 14 osinthira maganizo, ngakhale kuti ufuluwu ukhoza kuchepa ngati munavomera kuyamba kuwerenga nthawi yomweyo. Britain inakhazikitsanso lamulo la Digital Markets, Competition and Consumers Act mu 2024, lokhala ndi gawo la makalata okumbutsa ndi kuleka mosavuta, koma gawo limeneli linaikidwa kuti lidzayambe pambuyo pake. Chothandiza msanga kumeneko n'chakuti banki iyenera kuimitsa malipiro obwerezabwereza a pa khadi mwini wake akapempha.

Ku South Africa, gawo 14 la Consumer Protection Act ya 2008 limalola wogula kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika atapereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale kuti kampani ikhoza kulipiritsa chindapusa choyenerera. Limafunanso kuti kampani ikudziwitseni mgwirizano usanathe, ndipo ukatha uzipitirira mwezi ndi mwezi pokhapokha mutavomera nokha nthawi ina yaitali.

Ku Malawi ndingakadandaule kuti?

Zimatengera amene wakulakwirani. Ngati ndi kampani yochita malonda m'dziko muno, madandaulo a ogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo ku Zambia bungwe lofanana nalo ndi Competition and Consumer Protection Commission. Ngati vuto ndi banki imene ikukana kukuthandizani, yambani n'kudandaula ku bankiyo polemba kalata, ndipo mukapanda kukhutira pitani ku Reserve Bank of Malawi. Kunena zoona, mabungwe athu alibe mkono wofika kwa nyuzipepala ya ku New York kapena London, choncho pa nkhani zakunja chida chanu chenicheni ndi banki ndi umboni uja.

Pali msuweni wa vutoli amene ambiri amamudziwa bwino: mauthenga a nkhani, a mpira kapena a nyimbo zoitanira amene amadya mayunitsi tsiku ndi tsiku. Amenewa amaletsedwa kudzera ku kampani ya foni, ndipo ikalephera, woyang'anira ndi MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mauthenga m'Malawi.

Ndikufunabe kumawerenga nkhani zolipira. Ndidziteteze bwanji ndisanalembetsenso?

Safunsa anadya phula: musanalembe nambala ya khadi, fufuzani pa tsamba lawo la chithandizo mmene amalekera, ndipo mukapeza kuti njira yokhayo ndi foni, ganizirani kawiri. Kulembetsa kudzera mwa Apple kapena Google kumapereka khomo lotulukira lodalirika, ngakhale kuti mtengo wake nthawi zina umakhala wokwererapo. Ikani chikumbutso pafoni masiku atatu mtengo wokopera usanathe, popeza Apple mwachitsanzo imafuna kuti nthawi yoyeserera muiletse kutatsala maola 24 kapena kuposerapo. Kumene n'kotheka kulipira nthawi yoikika potumiza ndalama nokha pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, sankhani njira imeneyo, chifukwa simunapereke chilolezo chodulira ndipo nthawi ikatha zimangothera pomwepo. Zilipo nyuzipepala monga The Guardian ndi Daily Maverick zimene nkhani zake zambiri zimawerengeka kwaulere, owerenga n'kumathandiza mwa kufuna kwawo, koma thandizo la mwezi ndi mwezi limenelo nalonso limadulidwa lokha mpaka mutaliletsa.

Wachibale wathu anamwalira, koma tikuona kuti nyuzipepala ikudulabe ndalama. Titani?

Pepani ndi zovutazo. Kampaniyo ilibe njira yodziwira za malirowo pokhapokha mutaiuza, ndipo zimenezi zimatha kupitirira miyezi yambiri osaoneka, makamaka ngati malemuwo ankakhala kunja. Dziwitsani banki poyamba, mutanyamula kalata ya imfa ndi chikalata chosonyeza kuti ndinu woyang'anira chuma cha masiye, chifukwa banki ikadziwa imaimitsa khadi ndi malipiro onse odulidwa pa khadilo. Ngati akauntiyo inali ya anthu awiri, wotsalayo apemphe yekha kuti malipiro a kampaniyo aletsedwe. Kenako lemberani nyuzipepalayo, kapena Apple kapena Google ngati dzina lawo ndi limene likuoneka pa sitetimenti, mutchule adiresi ya imelo imene malemuwo ankagwiritsa ntchito ndi tsiku limene anatisiya, ndipo mupemphe kuti ndalama zonse zodulidwa kuchokera tsiku limenelo zibwezedwe ku akaunti yomweyo.